Pempho la Dziko Lathu Likhale ndi Mutu Umodzi: Mawu pa za Misewu, Nyumba ndi Chitetezo

Kwa Mafumu athu olemekezeka, Magulupu, Anyakwawa, ndi abale ndi alongo onse a m'Bungwe lathu okhala ku mapiri a Ntchisi ndi Dowa,

Tilikutumiza kalata iyi msonkhano usanafike kuti munthu aliyense adze atasinkhasinkha kale kunyumba kwake, pakuti mlandu umene tidzakambe ndi wolemera, ndipo sungathe kuweruzidwa ndi anthu amene aumva koyamba ali pa mpando. Mlandu wake ndi uwu: kodi tidzapempha chiyani ku Boma lalikulu la ku Lilongwe pa za misewu, nyumba ndi chitetezo cha anthu, ndipo tidzapempha motani kuti pempho lathu lisakafere m'kabati ya kalaliki? Kuyambira m'chaka cha 2022 chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo magawidwe ake amakonzedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Munthu wobwera ndi pempho lake ndalama zitagawidwa kale afanana ndi mlimi wopita kukasulitsa khasu mvula itagwa.

1. Chimene tilikupempha si mphatso

Poyamba tifuna kuchotsa manyazi amene ena a ife ali nawo. Alipo akunena kuti munthu waulemu sapempha, ndipo alipo ena amene popempha amagwada mopitirira, monga ngati ndalama za Boma zichokera m'thumba la nduna kapena la phungu. Onse awiri alikulakwa. Ndalama za Boma ndi msonkho, ndipo msonkho ndife. Mayi wogula katundu pa Malomo wapereka msonkho ngakhale sadalandire chiphaso. Mnyamata wa kabaza wothira petulo m'njinga yake yamoto pa Mponela wapereka ndalama ku thumba la misewu, pakuti pa lita iliyonse pali gawo lopita kumeneko. Fodya wa kuno wogulitsidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zotsika m'mapiri muno, zonsezi zimasiya kanthu m'manja mwa Boma.

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza anthu 317,069 m'boma la Ntchisi ndi anthu 772,569 m'boma la Dowa. Tikaphatikiza tipitirira 1 miliyoni. Khamu lotere silipempha ngati mlendo wa pakhomo. Malamulo aakulu a dziko, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, anena kuti anthu onse ali ndi ufulu wa chitukuko, nanenanso kuti Boma liyenera kuonetsetsa kuti makhonsolo ali ndi chuma chokwanira ntchito zawo. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya m'chaka cha 1998 idatchula ngakhale muyeso wake, kuti pa K100 iliyonse imene Boma litolera, osawerengera thandizo la maiko akunja, K5 kapena kuposerapo ipite ku chitukuko cha m'maboma. Chifukwa chake tikalemba kalata yathu tilembe mwaulemu, monga ayenera ana a dziko, koma tisapepese chifukwa chakuti talemba.

2. Makolo athu adayenda kale njira iyi

Achinyamata a m'Bungwe adziwe kuti ntchito iyi sidayambe ndi ife. M'chaka cha 1912 aphunzitsi ndi makalaliki a kumpoto, pamodzi ndi Bambo Levi Mumba, adayambitsa North Nyasa Native Association. Mabungwe ena adatsatira, ndipo la Chigawo cha Pakati lidabadwa m'chaka cha 1927. Chida chawo chidali chimodzi, ndicho kusonkhana, kupangana mawu, kuwalemba bwino, ndi kuwatumiza kwa Bwanamkubwa ku Zomba. Adalemba za sukulu, za zipatala, za misewu ndi za mitengo ya mbewu. Mayankho ambiri adali okana, ena sadabwere konse, koma iwo sadaleke kulemba, kufikira mabungwewo adagwirizana nabala Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944.

M'masiku omwewo mudachitika zinthu ziwiri zimene ziyenera kutiphunzitsa. Choyamba, lamulo la m'chaka cha 1933 lidapatsa mafumu mphamvu za ulamuliro wa m'madera mwawo, ndipo pambuyo pake mafumu adakhala ndi matumba a chuma a iwo eni, olandira kagawo ka msonkho. Kuyambira pamenepo Boma lidayamba kuuza mabungwe kuti mawu awo adzere kwa mafumu. Kumene mfumu ndi ophunzira adamvana, mawu adayenda. Kumene adapikisana, Boma lidapeza chifukwa chosamvera onse awiri. Chachiwiri, nyumba ya malamulo ya ku London idakhazikitsa malamulo a ndalama za chitukuko cha maiko olamulidwa ndi Angelezi m'zaka za 1929, 1940 ndi 1945. Lamulo la 1945 lidapatula mapaundi 120 miliyoni a zaka khumi, ndipo gawo la Nyasaland lidali mapaundi 2 miliyoni. Koma ndalamazo sizidali kutuluka chifukwa cha kulira. Zidali kutuluka pamene dziko latumiza mapulani olembedwa, otchula ntchito, malo ndi mtengo wake. Zomba adali kulemba kwa London monga momwe khonsolo yathu ilembera kwa Lilongwe lero. Mwini thumba adasintha, koma khalidwe la thumba silidasinthe: limatsegukira munthu wodziwa chimene afuna.

3. Matumba alipo angapo, ndipo lililonse lili ndi khomo lake

Safunsa adadya phula. Mapempho athu ambiri amatayika chifukwa tagogoda pa khomo losayenera, tsono tiyeni tiwadziwe makomowo.

Njira yoikidwa ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998 ndi ndondomeko yake iyambira m'mudzi. Komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, imene tiitcha VDC, ilemba zosowa za midzi yake. Komiti ya kwa mfumu yaikulu, ndiyo ADC, isankha pakati pa zimenezo. Khonsolo ya boma iziika m'buku la mapulani a chitukuko cha boma lonse, ndipo kuchokera m'bukumo ndi mmene mutuluka ntchito zopemphedwa chaka ndi chaka. Ntchito yosalowa m'buku limeneli ili ngati mlandu wosafika pa bwalo: ngakhale ukhale woona, palibe woupereka chigamulo. Mafumu aakulu amakhala nawo m'khonsolo, ndipo ngakhale saponya voti, mawu awo amamveka pamaso pa makhansala ndi Bwanamkubwa wa boma.

Pali thumba la chitukuko cha boma, lotumizidwa ku khonsolo kudzera ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo. Pali thumba la chitukuko cha dera la phungu, lotchedwa CDF, limene lidayamba m'chaka cha 2006. Thumba limeneli lidakwezedwa kufika pa K100 miliyoni pa dera lililonse m'chaka cha 2022, ndi pa K200 miliyoni m'chaka cha 2024, ndipo m'chaka cha 2025 Pulezidenti Peter Mutharika adalonjeza kulifikitsa pa K5 biliyoni. M'mwezi wa Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti sikugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa thumbali kapena kuponya voti m'khonsolo, pakuti ntchito ya phungu ndiyo kupanga malamulo ndi kulondoloza Boma. M'chaka cha 2020 World Bank idavomereza madola 100 miliyoni a ntchito yotchedwa GESD, imene idaika lamulo lakuti khonsolo ilandire molingana ndi mmene yasungira mabuku ndi kutsiriza ntchito zake. Pamenepo tidaona poyera kuti kalaliki wosasamala pa boma angathe kumanitsa mudzi wakutali mlatho wake.

Misewu ili ndi makomo awiri. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo ndalama zoikonzera zisungidwa ndi Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa adakhazikitsidwa ndi malamulo a m'chaka cha 2006. Misewu ing'onoing'ono ya kumidzi ili m'manja mwa khonsolo. Wopempha phula la msewu waukulu kwa khansala alikutaya nthawi ya khansalayo, ndipo wopempha kamlatho ka pa mtsinje wa kwawo kwa nduna alikutaya nthawi yake yomwe.

4. Za misewu

Ife a Komiti tiganiza kuti msewu ukhale pa mutu pa pempho lathu, ndipo tinena chifukwa chake. Dziko lathu ndi la zitunda ndi zigwa. Mvula ikagwa m'mapiri madzi amathamanga, nakumba msewu wa dothi, nakokolola milatho ya mitengo. Galimoto ikaleka kufika, wogula soya amene wayesetsa kufika ndiye atchula mtengo, ndipo mlimi alibe poyankha. Feteleza afika mochedwa ndi modula. Mayi wapakati amene azamba a pa chipatala chaching'ono amutumiza ku chipatala cha pa boma, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, moyo wake uli pa msewu. Wapolisi woitanidwa usiku adzera pa msewu womwewo. Mphunzitsi wokana kukhala ku sukulu ya kuseri kwa phiri alikukana msewu. Tsono msewu ndi mayi wa mapempho enawo.

Msewu wochokera ku Dzaleka kudzera pa boma la Ntchisi kukafika pa Malomo watchulidwa m'misonkhano kwa zaka zambiri. Ndiwo msana wa dziko lino, pakuti kumwera ulumikiza ife ndi Dowa ndi Lilongwe, ndipo kumpoto ukumana ndi msewu wa pakati pa Kasungu ndi Nkhotakota. Pempho lathu pa msewu umenewu likhale limodzi: kuti ukhale wa phula lolimba kuchokera ku nsonga kufika ku nsonga, wokhala ndi ngalande zoyenera dziko la mapiri, ndipo kuti Boma litiuze polemba utali umene lidzagwira chaka chilichonse, ndalama zimene lapatula, ndi dzina la kontilakitala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwala wa maziko ndi chikwangwani cha m'mbali mwa msewu sizidutsitsa ambulansi.

Tikumbukirenso kuti kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023. Phula, zitsulo ndi dizilo zigulidwa kunja. Ntchito imene idawerengedwa mtengo kutsitsako kusanachitike, ikachedwa, ndalama zake sizikwaniranso, ndipo kontilakitala amanyamula makina ake. Chifukwa chake n'kwabwino kupempha ntchito imodzi ithe, kusiyana ndi kuyambitsa zisanu zimene zidzaima pa theka.

Pa misewu ing'onoing'ono, tipempha dera la mfumu iliyonse, kwa Kalumo, Kasakula, Chikho, Nthondo, Chilooko, Malenga ndi Vuso Jere, ndi abale athu a kwa Msakambewa, Chiwere, Dzoole, Kayembe, Chakhaza ndi Mkukula, kuti litchule mlatho umodzi wokha, umene ukaduka ana saoloka kupita ku sukulu kapena odwala ku chipatala. Umodzi, osati khumi.

5. Za nyumba

Pa mutu uwu tidzanena mawu amene ena sadzakondwera nawo. Boma lidayesa njira zingapo. Malawi Housing Corporation, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ntchito yake yambiri idakhala ya m'mizinda. M'chaka cha 2014 idayamba ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, theka la mtengo lili thandizo ndi theka lina ngongole. M'chaka cha 2020 Boma lidalengeza za nyumba 10,000 za apolisi, asilikali ndi ena oteteza dziko. Pa zonsezi taphunzira kuti kumene kuli kugawa katundu kwa munthu mmodzimmodzi, mkangano umabuka pa maina, ndipo mfumu imene yalemba mainawo ndiyo itsala ndi chidani cha mudzi.

Tsono ife tiganiza kuti nyumba zimene tidzapemphe zikhale m'dongosolo ili. Zoyamba zikhale za anamwino, azamba, aphunzitsi ndi apolisi a kumadera akutali, pakuti nyumba imodzi ya mzamba ithandiza midzi makumi. Chipatala chopanda nyumba ya antchito chimatsekedwa dzuwa likalowa, pamene matenda sadziwa usiku. Zachiwiri zikhale za abale athu achialubino, amene kuyambira cha m'ma 2014 adazunzidwa ndi kuphedwa m'maboma ambiri a dziko lino, ndipo kwa iwo chitseko cholimba ndi khoma la simenti ndiwo moyo. Pamodzi nawo nkhalamba zopanda ozisamala ndi ana amasiye osunga anzawo. Maina a otere awerengedwe poyera pa bwalo, mudzi wonse uli kumva.

Nyumba ndi maofesi a mafumu zikhale pamapeto. Tikudziwa kuti bwalo la mfumu liyenera ulemu, ndipo sitikana kuti mfumu yoweruza milandu pansi pa mtengo m'nyengo ya dzinja ili pa mavuto. Koma tipempha mafumu athu, mwaulemu wonse, kuti mawu awa achokere m'kamwa mwawo. Mfumu ikaimirira m'khonsolo ndi kunena kuti, yambani mwamanga ya mzamba, yanga idikire, palibe nduna imene idzapeputse pempho la dziko limenelo.

Pali chinanso. Kale chizolowezi chidali chakuti mudzi uumbe njerwa ndi kuotcha, Boma lidzabweretse malata. Ambiri a ife taona mauvuni a njerwa atamera udzu, akudikira malata osabwera, mitengo itatha kale. M'chaka cha 2018 Boma lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zake. Nkhalango ya Ntchisi, imene idatetezedwa m'chaka cha 1924, ndiyo isunga akasupe a mitsinje yathu. Chifukwa chake mudzi usayambe ntchito ya manja pasanabwere kalata yotsimikiza kuti ndalama zapatulidwa, ndipo chopereka cha mudzi chikhale malo, mchenga, miyala ndi madzi.

6. Za chitetezo

Mlimi amene ng'ombe zake ziwiri za ngolo zabedwa usiku umodzi wabwerera m'mbuyo zaka zisanu. M'nyengo yogulitsa fodya ndi soya ndalama zimagona m'nyumba za udzu, ndipo akuba adziwa zimenezi. Polisi ikakhala kutali anthu amatopa, nayamba kuweruza okha ndi zibonga ndi moto, ndipo kawirikawiri wofa amakhala nkhalamba yonamiziridwa ufiti kapena mlendo wosalakwa. Mwazi wotere umadetsa mudzi ndi mfumu yake. Ife tikana khalidwe limeneli kotheratu, koma tinenanso kuti kulikana ndi pakamwa pokha sikukwanira ngati wakuba wogwidwa alibe kopita naye.

Lamulo la apolisi la m'chaka cha 2010 lidavomereza magulu a chitetezo cha m'midzi ogwira ntchito pamodzi ndi apolisi. Anyamata a m'magulu amenewa amayenda usiku osalipidwa. Pempho lathu likhale la zinthu zimene zingatheke: maofesi ang'ono a polisi pa misika ikuluikulu ya kumidzi, okhala ndi chitolokosi ndi nyumba ya wapolisi, njinga zamoto ndi mafuta ake, tochi, mluzu ndi malaya a mvula za magulu a m'midzi, ndi magetsi a dzuwa pa misika ndi pa zipatala. Abale a ku Dowa ali ndi chifukwa china chapadera. Msasa wa Dzaleka, umene udatsegulidwa m'chaka cha 1994 kuti usunge anthu othawa kwawo pafupifupi 12,000, udafika posunga oposa 50,000. Alendo amenewa adathawa nkhondo ndipo tiwachitira chifundo. Koma madzi, misewu ndi apolisi a dera limenelo awerengedwe molingana ndi khamu limene lilipo, kuti alendo ndi eni mudzi asadane chifukwa cha kuperewera kwa zinthu.

7. Zolakwa zathu za ife eni

Sitingathe kuloza Lilongwe chala osadziyang'ana tokha. Kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala, ndipo m'zaka zimenezo tidazolowera kupempha chitukuko pa msonkhano wa ndale, mfumu itapatsidwa mphindi zisanu zolankhula mlendo asanakwere galimoto. Pempho la pa nsanja limapita ndi mphepo. Tidazoloweranso kulemba zinthu makumi atatu pa pepala limodzi kuti pasakhale wodandaula, ndipo wolandira pepalalo amasankha chophweka, kapena osasankha kanthu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Tidalola kuti malire a mafumu ndi mitundu ya zipani zitigawe, mpaka ena kukondwera kuti mlatho wa anzawo walephereka. Ndipo ntchito ikabwera sitidaiyang'anire: simenti idatuluka pa khomo la kuseri ife tikuona, tidakhala chete chifukwa wotulutsayo ndi mwana wa mlongo wathu.

Tsono lero tili ndi chida chimene makolo athu adalibe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma lidayamba kugwira ntchito m'mwezi wa Seputembala 2020. Munthu aliyense angathe kulemba kalata ku khonsolo kufunsa kuti ndalama zidabwera zingati, zidagwira ntchito yanji, ndipo adalipidwa ndani. Kufunsa kotere si chipongwe kwa Bwanamkubwa kapena kwa phungu. Wantchito wokhulupirika amakondwera nako, pakuti kumamuyeretsa.

8. Zimene tipempha kuti mubwere nazo

Pofika ku msonkhano, nthumwi za dera la mfumu iliyonse zibwere ndi pepala limodzi, lovomerezedwa ndi ADC ndi kudindidwa ndi mfumu, lotchula mlatho umodzi, nyumba za antchito zosapitirira ziwiri, ndi malo amodzi ofunika polisi. Pa chilichonse palembedwe midzi imene idzathandizidwe, chiwerengero cha anthu ake, mtunda wokafika ku chipatala kapena ku polisi yapafupi, ndi malo amene mudzi wapereka. Mubwerenso ndi mndandanda wa ntchito zonse za m'dera lanu zimene zidayambika koma sizidathe, pakuti tiganiza kuti zimenezo zitsirizidwe tisanapemphe zatsopano.

Pa msonkhano tidzasanja zonsezi m'dongosolo limodzi, ndipo tidziwiretu kuti ena adzakhala pambuyo chaka chino. Amene adzakhale pambuyo alembedwe m'buku kuti chaka chamawa adzatsogole, ndipo pangano limenelo lisungidwe. Tidzasankhanso anthu atatu, mwa iwo mukhale mayi, oti akapereke kalata yathu ku khonsolo, atumize makope kwa aphungu ndi makhansala onse posayang'ana chipani, ndi kubwera kudzatiuza yankho pakatha miyezi itatu iliyonse, likhale lokoma kapena lowawa.

Mutu umodzi susenza denga. Mafumu ali ndi ulemu umene Boma limaumva, ndipo a m'Bungwe ali ndi cholembera ndi masamu. Tipempha mbali zonse ziwiri zidze ndi mtima wofuna kugonjerana. Amene walandira kalata iyi awerengere anzake osadziwa kuwerenga, ndipo aipereke kwa mnansi wake akatha.

Tsalani ndi mtendere.

Ife atumiki anu,
A Komiti ya Bungwe